Denga la Kanyumba ka Wopeka Nyimbo

Chaka chimene aliyense ankangokamba za kutha kwa Chitaganya, ine ndinkachapa ndi kusita kwa azungu ku Darlington, dera lina la mumzinda wa Mutare, amuna anga akugwira ntchito ya njanji. Mutare nthawi imeneyo tinkati Umtali. Kuseri kwa komboni yathu kunali kanyumba ka zidina, momwe munkakhala mkulu wina wa kwathu ku Nyasalande. Anabwera wapansi kudzakumba golide ku Penhalonga, ndipo fumbi la mumgodi litamudya chifuwa anatsikira m'tauni. Mawu oimbira analibenso, koma nyimbo zambiri zomwe tinkaimba pamaliro anapeka ndi iyeyo. Atamwalira, amayi a mpingo tinkapemphera momwemo Lachinayi lililonse.

Tsiku lina kunabwera mzungu woyendera nyumba ndi womasulira wake. Anabaya denga ndi ndodo, dothi la chiswe n'kuyoyoka. Anati mwezi ukatha denga lili choncho, kanyumbako kagwetsedwa.

Kuyambira pamenepo mtima wanga sunakhale m'malo. Ndinapsereza malaya a bwana ndi simbi, adona n'kundikalipira, ine osamva n'komwe. Ndikaweruka ndinkazungulira njira yaitali kuti ndikangoona ngati kalipo.

Akulu a mpingo analibe nazo chidwi. "Amayi, tikubwerera kwathu posachedwapa," anatero mmodzi. "Tifolerere ndani m'dziko la eni?"

Amuna anganso mtima unali pa ulendo. "Amake mwana, nyimbo zimakhala pakamwa, osati m'zidina."

"Nanga ana obadwira kunowa, amene Chinyanja chawo chayamba kusanduka Chishona, tidzawalozera chiyani?" ndinawafunsa.

Loweruka lake amuna anga anatulukira ndi anzawo atatu atasenza mitengo yakale ya njanji, yomwe kapitawo anawalola kutenga. Malata tinachita kupempha khomo ndi khomo. Mayi wina wa Chishona anasasula khola lake la nkhuku, nati mwamuna wake tinamuperekeza kumanda ndi nyimbo za mkulu uja. Ife amayi tinaponda dothi n'kumata ming'alu. Malata anaperewerabe, moti khonde lomwe mkulu uja ankakhala popeka nyimbo tinaligwetsa tokha kuti malata akwanire. Tsiku limenelo sindinadye.

Mwezi unatha, mzungu uja osabwera. Lamulungu ndi Lachinayi, masiku amene ndinkakhala kukomboni, galimoto ikangolira ndinkatuluka kukasuzumira, ndipo masiku antchito ndinkafunsa aliyense amene ndakumana naye panjira. Anabwera mvula yoyamba itagwa kale. Anabaya uku ndi uku, ndodo ikungogunda mtengo wolimba. Analemba m'kabuku kake n'kukwera galimoto. Womasulira ndiye anatinong'oneza kuti kanyumbako kakhala.

Chitaganya chitatha ambiri anakwera sitima kubwerera kwathu. Ifenso tinati tinyamuka mvula ikatha, kenako tinati mwana ayambe wamaliza sukulu. Amuna anga anagona kuno komwe, ine ndidakalipo.