Ndowa ya Bisiketi ya Leitangi

Inu amene mukuganiza kuti cholakwa chimodzi chakutsekerani zitseko zonse, takhalani pansi ndikuuzeni za Leitangi. Ndagwira naye ntchito zaka khumi ndi ziwiri kunyumba yosungira mankhwala ya bungwe lina la mpingo ku Port Vila, likulu la dziko lathu la zilumba, ndipo tsiku limene anagwa, ine ndinali m'gulu la omuseka. Manyazi ake ndidakali nawo.

Leitangi anachoka kwawo kuchilumba cha Tongoa atalephera kawiri mayeso a sekondale. Ntchito imene anapeza kwathu inali yosesa ndi kuphika tiyi. Tsiku lina m'mawa soketi ya kukhitchini inafa, kwinaku bwana akukalipira tiyi. Mwana wa eni ake analowa m'kachipinda kozizira, n'kuona pulagi yakuda pakhoma, n'kuizula, n'kulumikizapo ketulo.

Inali pulagi ya seva, kompyuta yaikulu yosunga mayina a odwala onse a kuzilumba, mankhwala awo ndi mlingo wa aliyense. Titaiyatsanso, detabesi, nkhokwe ya mayinawo, inakana kudzuka. Katswiri wina wa ku Brisbane anatiuza pafoni kuti faili ya logi yawonongeka, tingoifufuta. Tinafufutadi, makina n'kudzuka, koma mayina ena anali atasokonekera, ena atasoweratu. Tinatha milungu iwiri tikuimbira anamwino a kuzilumba mmodzimmodzi.

A Masing, bwana wathu, anamuimika pamaso pa tonse.

“Iwe, sukulu inakukana, ndiye wabwera kuno kudzatiphera anthu ndi ketulo?”

Kuyambira tsiku limenelo dzina lake linali Chizula. “Chizula, tiyi kuno, koma usazule nyumba.” Amene anayambitsa nthabwala imeneyi ndine, ndipo sindikunyadira.

Masana ake a Tarileo, mdala amene ankasamalira makinawo, anamupeza akulira kuseri kwa thanki ya madzi. Leitangi sanapemphe kuti amupepesere kwa bwana. Anangofunsa kuti, “Bambo, chimene ndaphwanyachi n'chiyani?”

“Makinawa asanaike kanthu m'nkhokwe, amayamba alemba m'kabuku kuti ndikufuna kuchita chakutichakuti,” anatero mdalayo. “Kabukuko ndiye logi. Iwe unawagwira dzanja ali mkati molemba, tsamba n'kung'ambika. Koma tamva mwanawe. Iwe unang'amba tsamba limodzi. Ife akuluakulu, ndi phuma lathu, tinatentha buku lonse.”

Mawa lake nthawi ya nkhomaliro, ife tikudya lapulapu, chakudya chathu cha chinangwa, pansi pa mtengo wa mango, Leitangi anakagogoda kwa a Tarileo. Mdalayo anamupatsa chikompyuta chakale chimene chinkayembekezera kutayidwa kudzala. Mukudziwa zomwe ankachita nacho? Ankachiyatsa, kulowetsamo mayina opeka, kenako n'kuzula pulagi dala. Akatero ankakhala pansi n'kumawerenga uthenga wa makinawo mzere ndi mzere mpaka atachidzutsa osataya dzina n'limodzi lomwe. Anachipha ndi kuchidzutsa kambirimbiri, ife tikungoti mutu wake wayamba kusokonekera.

Mayeso a ntchitoyi anawalephera kawiri. Ulendo wachiwiri anabwera maso ali psuu, n'kusesa maofesi onse, nkhomaliro itakwana n'kukagogodanso kwa mdala uja. Ulendo wachitatu anakhoza. A Tarileo atapuma ntchito n'kubwerera kwawo ku Ambae, kiyi wa kachipinda kozizira anamusiyira iyeyo. A Masing anavomera chifukwa panalibenso wina, koma dzina la Chizula sanalisiye.

Leitangi anali ndi kachitidwe kake. Madzulo alionse makina ankakopera detabesi yonse padisiki ina, ndipo ola lililonse ankakoperaponso logi. Poweruka, disikiyo ankaiika m'ndowa ya bisiketi, zija za chivindikiro chothina zimene amayi athu amasungiramo zitupa ndi machesi nyengo ya namondwe. Ankakwera nayo basi ngati wanyamula mwana. Tinkamufunsa kuti, “Achemwali, bisiketi zake sizitha?” Iye ankangoseka.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lachinayi lina wailesi inalengeza kuti namondwe wayandikira. Kwathu kuno tikangomva zimenezo, aliyense amathamangira kuzimitsa magetsi ndi kukulunga zinthu m'mapulasitiki. Ine ndinali pafoni ndi namwino wa ku Tongoa, akunditchulira milingo yatsopano ya odwala makumi atatu ndi asanu ndi atatu, ine n'kumalowetsa mukompyuta osalemba papepala. Leitangi anapempha a Masing mphindi khumi zokha kuti atseke seva mwadongosolo. A Masing anati eya, koma atamva lata likulira padenga anathamangira kuswichi yaikulu n'kuigwetsa. Batire la seva linali litafa kale, ndipo pempho la latsopano linali litagona patebulo pawo miyezi inayi.

Tinabwerera Lolemba. Theka la denga linali litapita, ndipo nsanja za mafoni kuzilumba zinali zitagwa. Kudoko anatiuza kuti sitima ya chithandizo inyamuka 3 koloko masana omwewo, ndipo ina sikudziwika. Tinaliza jenereta. Detabesi inakana kudzuka, logi yawonongeka.

Popanda mndandanda sitikanalongedza kanthu, chifukwa jakisoni wa matenda a shuga saperekedwa mongoganizira. Ndipo pa mayina a ku Tongoa aja panali la mayi ake a Leitangi. Mayiwo anali atakomoka sabata yathayo, adokotala n'kuwachepetsera mlingo. Tikanatumiza wakale, tikanawatumizira imfa m'katoni. Leitangi anandiyang'ana.

“Achemwali, mlingo watsopano wa amayi mukuukumbukira?”

Ndinafufuza m'mutu mwanga, koma munali mbee. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

A Masing analowa thukuta lili kamukamu. “Chizula, usatichedwetse. Fufuta chilogicho monga tinachitira paja. Mphindi zisanu basi, makina adzuka.”

“Ayi bwana.”

“Wati chiyani?”

“Ndati ayi. M'ndowamu ndili ndi zonse mpaka 11 koloko ya Lachinayi. Za ku Tongoa zinalowa 11 itadutsa, ndipo malo okha amene ndingazipeze ndi m'faili yomwe mukuti ndifufuteyi. Ndipatseni mpaka 1 koloko. Ndikalephera, mundichotse ntchito.”

A Masing anatuluka.

Choyamba, Leitangi anakopera faili yowonongekayo pena, kuti akalakwitsa akhale ndi pobwerera. Kenako anatsegula ndowa. Disiki inali youma gwa, ngakhale nyumba imene ankakhala inali itadzaza madzi ofika m'mawondo. Pakompyuta ina anabwezeretsa detabesi ya Lachitatu madzulo, n'kuyamba kuikamo malogi a ola ndi ola, motsatana, osadumpha. Pa logi yachinayi makina anakana. Leitangi anawerenga uthengawo modekha, n'kuona kuti wasemphanitsa mafaili awiri, n'kuyambiranso.

12 koloko inadutsa. A Masing ankasuzumira pakhomo mphindi zisanu zilizonse mpaka ine ndinawauza kuti, “Bwana, mphika woyang'anitsitsa suwira msanga, kathandizeni kumanga makatoni.” Sindikudziwa kumene ndinatenga mphamvu zimenezo.

Tsopano panatsala ntchito yeniyeni, logi yong'ambika ija. Leitangi anauza makina kuti aiwerenge kuchokera pamene kope lomaliza linalekera, n'kuima pomwe payambira kuwonongeka. Ulendo woyamba makinawo anakana. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, anakananso. Anabwereranso, milomo ikugwedera, kaya ankapemphera kaya ankawerenga manambala. Ulendo wachitatu mizere inayamba kutsika.

Anatsegula mndandanda wa ku Tongoa n'kundipatsa mpando. “Werengani inu achemwali, ine maso akana.”

Ndinawerenga mokweza. Mayina onse makumi atatu ndi asanu ndi atatu analipo, ndipo pa dzina la mayi ake panali mlingo watsopano, tsiku lake Lachinayi, nthawi 11:32. Leitangi anakumbatira ndowa yake n'kulira ngati mwana, inenso osaugwira mtima.

Chinatayika chinali chinthu chimodzi chokha, chomwe ndinkalemba pamene magetsi ankazima: pempho la matsache awiri atsopano.

Tinalongedza ngati amisala. A Masing anayendetsa okha galimoto, ndipo tinafika kudoko amalinyero akumasula chingwe choyamba. Makatoni anakwera. Patatha masiku naini mafoni atabwerera, namwino uja anaimba kunena kuti odwala onse analandira mankhwala awo, ndipo mayi ake a Leitangi ayamba kale kudzalanso chinangwa m'munda umene namondwe anasesa.

Mawa lake a Masing anatisonkhanitsa pamalo omwe aja anamunyozerapo. Anabwera ndi batire latsopano ndi ndowa yodzaza bisiketi.

“Swichi ija ndinagwetsa ndine,” anatero. “Nthawi ino Chizula ndine. Mayi Leitangi, ndinakulakwirani zaka zambiri, mundikhululukire.” Kenako anatitembenukira. “Inu nonse, idyani bisiketizi msanga. Mayiwa akufuna ndowa yachiwiri.”

Lero Leitangi amakwera ndege kukaphunzitsa anzake kuzilumba zina, ndipo phunziro lake loyamba silisintha: faili ikawonongeka, usathamangire kufufuta, yamba waikopera, kenako uwerenge bwinobwino kuti yang'ambika pati.

Nanunso mwina pali tsamba limene munang'amba, ndipo anthu ngati ine anakupatsani dzina. Zimawawa, ndikudziwa. Koma musatenthe buku lonse chifukwa cha tsamba limodzi. Funsani chimene chinaphwanyika, phunzirani kuchikonza, mukalephera mukagogodenso mawa. Mtsikana wa ketulo uja ndiye anapulumutsa mayi ake ndi anthu ena makumi atatu ndi asanu ndi awiri. Musataye mtima, abale anga.