Mawu Amene a Estele Sanayankhule

Mayi Estele Namakhwa a ku Limbuli ndinawadziwa akugulitsa nanazi pamsewu wa ku Muloza. Ankayankhula mosapsatira, ndipo wofuna kuwatsitsa mtengo ankachoka makutu akulira. Mwina n'chifukwa chake tinawasankha kukhala mlembi wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi mwathu.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankawatseka pakamwa: mkamwini wawo, Anthony. Anachokera kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, ku Mozambique, n'kukwatira mwana wawo Takondwa. Mapepala analibe. Ndani kuno amafunsa mapepala munthu amene amakumba nanu manda? Ankapalasa kabaza, ana atatu akukula, Gift ndi azing'ono ake. Mwa mwambo wathu, mpongozi ndi mkamwini sayang'anana kumaso. Kwa zaka khumi ndi zinayi a Estele ankati akamuona akubwera, ankapatuka n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Zonse zinkadzera mwa Takondwa.

Mu February chaka chatha pamsika wathu panabwera akuluakulu awiri oona za anthu olowa m'dziko. Anapempha mwaulemu kuti komiti iwalembere onse ochokera kutsidya opanda mapepala. Ine ndinalipo, pamsika pomwepo.

"Bukuli ndi la mijigo ndi maneti a udzudzu, bwana," anatero a Estele, akulikweza m'mwamba. "Komiti inamanga kale mfundo: kulozera anthu si ntchito yathu. Yendani nokha khomo ndi khomo. Sitikuletsani, koma sitikutsogolerani."

Anthu aja anakwera galimoto yawo n'kumapita. Tsoka lake, Anthony anaona zonsezi ali patali, pasiteji ya kabaza. Mawu sanawamve. Anangoona apongozi ake, buku m'manja, akuyankhula ndi anthu a yunifolomu.

Masana omwewo anakumana m'kanjira ka m'chimanga. Anthony anatsika panjinga n'kuima, chinthu chimene sankachita. Ankadikira. A Estele anapatuka monga mwa nthawi zonse, nkhope m'chitenje, buku kukhwapa. Mumtima ankati auza Takondwa akaweruka kothyola tiyi, iye akauze mwamuna wake kuti akhazike mtima pansi.

Anthony anakasiya njinga kwa mnzake wa kabaza, Kondi. "Andilemba, achimwene," anamuuza. "Ndiyambe ndakhala kwathu mpaka zizizire. Muwauze amayi a ana."

Pamlatho sakanadutsa, poti m'pamene amafunsa mapepala. Anapita kumunsi, powolokera pamene timadutsa popita kumaliro. Mvula inali itagwa masiku atatu kuphiri. Anamupeza m'mawa mwake m'mabango.

Mpaka lero ndimapsa mtima ndikaganiza, koma sindidziwa woti ndimupsere. Mayi amene anakaniza boma pamaso pa msika wonse analephera kuyankhula ndi mkamwini wawo m'kanjira ka chimanga, chifukwa cha ulemu.

Pa tsiku la maliro, nthawi yoona nkhope itakwana, amayi anzawo anafuna kuwadutsitsa pambali a Estele. A Estele anakana. Anatsitsa chitenje, n'kuwerama pabokosi, n'kumuyang'anitsitsa koyamba. Anali ndi chipsera pachipumi chimene iwo sankachidziwa.

"Bambo a Gift," anatero, tonse tikumva, "sindinakulembeni."

Buku la komiti analibweza sabata yomweyo. Nanazi akugulitsabe, koma masiku ano ukawatchulira mtengo uliwonse amangolandira.