Nkhope ya amama pa thabwa

Dzulo ndimapaka penti mtanda wa pamanda a amuna anga. Fungo la penti ndi palafini linandibweza ku Karonga, ndili kamtsikana.

Amama atamwalira sanasiye chithunzi ngakhale chimodzi, ndipo adada ankadandaula kuti nkhope yawo yayamba kuwathawa m'mutu. Tsiku lina anandikweza panjinga kuchoka ku Mwenilondo kupita kutauni, kwa bambo wina wojambula. Panalibe wosawadziwa. Tambala wakuda wa chipani pa makoma a masitolo ankajambula ndi iwo, ndipo nsomba zawo za pa maboti zinkaoneka ngati zithawa ukazikhudza.

Tinawapeza pakhonde, zala zili penti yekhayekha.

"Munthu woti sindinamuonepo ndimujambula bwanji, dada?" anafunsa. "Ine ndazolowera atambala."

Adada anandikankhira kutsogolo. "Yang'anani mwanayu. Chipumi ndi maso ndi za mayi ake. Mungowonjezera zaka, ndi mpata wa mano."

Bambowo anandiyang'ana nthawi yaitali. "Khala apa, mwanawe. Usaseke, ungandiwonongere mayi ako."

Ndinakhala pa chitini chopanda kanthu. Ntchentche inkandiyenda pamphuno, koma sindinaithamangitse. Iwo ankati akandiyang'ana, n'kupaka pa thabwa, kwinaku akufunsa adada za mtundu wa duku ndi mmene amama ankalimangira.

Atamaliza, anatembenuza thabwalo kuti tione. Adada anaimirira, n'kuvula chipewa. Kenako ndinawamva akunena motsitsa mawu, "Monire, mama."