Ndinayankhula Ndekha pa Lizulu

Chaka chimene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha kolona ndinali kuyunivesite, ndikuphunzira zaulimi. Ndinabwerera kwathu, mudzi wa m'chigwa kuseri kwa Mlangeni, nditanyamula zovala ndi laputopu yakale imene batire lake silinkachedwa kutha.

Patapita miyezi tinauzidwa kuti maphunziro apitirira pa intaneti. Mphunzitsi wathu wina, mayi wokonda ntchito yake, sankafuna zongotitumizira manotsi. Ankafuna kuti tonse tizilowa m'kalasi ya pa kompyuta nthawi imodzi, iye azifunsa, ife tiziyankha, tizitsutsana. Malikisi ambiri anali pamenepo. Anzanga a m'tauni anakondwa. Ine mtima unagwa, chifukwa kwathu netiweki inkagwira pachulu cha kumunda basi.

Ndinkakhala pachulupo laputopu ili pamiyendo, foni nditaikweza m'mwamba, mphepo ya m'mapiri ikundilowa m'mafupa. Mawu a aphunzitsi ankafika odukaduka. Akandifunsa funso, pamene ndikutsegula pakamwa amakhala atapita kale kwa wina.

"Zikuoneka kuti mnzathuyu kulibe," ankatero.

"Ndilipo! Madamu, ndilipo!" ndinkakuwa, koma ondimva anali anthu okumba mbatatesi kumunsi.

Kenaka anatigawa m'magulu kuti tifotokoze kafukufuku wathu pamaso pa kalasi yonse. Wosaoneka tsiku limenelo ndiye kuti walephera. Gawo langa linali la chiwawu cha mbatatesi, matenda amene ndawaona m'munda mwathu kuyambira ndili mwana. Ndinawauza ababa za tsikulo ndi vuto la netiweki.

"Tikayesa pa Lizulu," anatero. "Kumeneko mafoni amagwira."

Tsikulo anandikweza panjinga. Ananditengera kwa mayi wina wachisilamu wa sitolo, amene ankamusungitsa matumba awo akabwera kumsika. Mayiyo sanafunse zambiri. Ananditsegulira chipinda chakumbuyo, pakati pa matumba a shuga ndi makatoni a sopo, n'kundilozera soketi.

"Khala apa mwanawe. Palibe akusokoneze."

Kwa nthawi yoyamba ndinaona nkhope za anzanga bwinobwino. Nthawi yanga itakwana ndinayamba kufotokoza. Mantha anatha, mawu anatuluka okha. Ndinanena za masamba akuda, za nkhungu, za mmene munda wonse umapsera ngati wathiridwa madzi otentha. Nditamaliza ndinakweza maso kuti ndimve mafunso.

Pa laputopu nkhope ya aphunzitsi inali itauma, pakamwa pali yasa, osasuntha. Ndinatenga foni. Munali uthenga wa Chipwitikizi. Foni inali italumphira ku netiweki ya ku Mozambique, poti pa Lizulu malire a dziko lathu ndi Mozambique ndi msewu womwewo, ndipo intaneti inali itaduka kalekale. Nthawi yonseyo ndinkayankhula ndi matumba a shuga.

Ndinazimitsa foni, kuyatsa, kuzimitsanso. Ndinatuluka ndi laputopu ili chitsegulire, kuthamanga pakati pa milu ya kabichi ndi tomato, kufunafuna pamene netiweki ya kwathu ingabwerere. Minibasi inandiimbira huta, kondakitala n'kundinyoza. Amayi ogulitsa ankandiyang'ana ngati wamisala, ndipo sindikuwanena, poti misozi inali ikuyenderera. Netiweki itabwerera, intaneti inangozungulira osalowa. Kenaka laputopu inathima.

Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu. Ababa anabwera, anaima pafupi, chipewa chili m'manja.

"Zakanika?"

Ndisanayankhe foni inalira. Anali mtsikana wa m'gulu lathu, wa ku Lilongwe.

"Iwe uli kuti? Madamu akuti atseka kalasi. Tamvera, ndayandikiza foni yangayi pa kompyuta. Yankhula mokweza, akumva!"

Ndinayambiranso, wopanda zithunzi, wopanda manotsi, chala chimodzi chili kukhutu chifukwa cha phokoso la msika. Zina ndinaiwala, zina ndinabwereza. Aphunzitsi anafunsa funso, koma ndinangomva ngati munthu akuyankhulira m'mgolo. Mnzanga anabwereza, lole inadutsa, sindinamvenso. Ndinayankha zimene ndinaganiza kuti afunsa. Foni inaduka ndisanamve ngati ndakhoza.

Mayi wa sitolo uja anandibweretsera chikwama ndi chaja zimene ndinasiya, pamodzi ndi tiyi m'kapu. Sindinathe kumwa. Kenaka ababa anandikweza panjinga, tinabwerera kunyumba.

Zotsatira zitatuluka ndinapeza kuti phunzirolo ndalephera pang'ono. Aphunzitsi anandiimbira okha, anapepesa, koma anati za funso losayankhidwa bwino m'kalasi sakanatha kuzisintha. Ndinalibwereza chaka chotsatira, sukulu zitatsegulidwa, pamodzi ndi ana amene anali pambuyo panga. Anzanga anavala magauni ine ndikadali m'kalasi.