Dzinja Limene Amayi Anasiya Unamwino

Chigubu chachikasu chinkakhala kuseri kwa chitseko, ndipo ankandiletsa kuchikhudza. Munali kuloro, mankhwala othira m'madzi akumwa. Fungo lake linkakanirira m'manja mwa amayi, moti ndinkalimva akamandiluka tsitsi.

Amayi anali namwino yekhayo pa posito, kachipatala kathu kuseri kwa Nsadzo. Ntchitoyo ankaikonda. Ankapalasa njinga m'midzi akuyimba nyimbo za kutchalitchi, ndipo ana akawathamangira ankati onsewo ndi awo, poti ambiri anabadwira m'manja mwawo.

Dzinja limenelo mvula inakokolola mlatho, galimoto ya mankhwala inaleka kufika, kenako kolera inalowa. Odwala ankawagoneka pamphasa pansi pa mtengo wa mango, mabotolo a soro, madzi olowetsa m'mitsempha, atapachikidwa m'nthambi. Ndimakumbukira ntchentche, ndi maso olowa m'kati a anthu amene dzana lake ankapalira chimanga. Soro atatha, amayi ankawamwetsa madzi a mchere ndi shuga ndi supuni. Kukacha ankazungulira zitsime kuthira kuloro.

Mphekesera inayambira pomwepo. Kuloro ndi kolera, mawuwo ndi apachibale m'khutu, ndiye anthu anati anamwino ndiwo akuthira matenda m'madzi. Lero sindiwaweruza kwambiri. Munthu amene akukumba manda tsiku ndi tsiku amafuna womuloza chala, ndipo boma linali kutali, amayi anali pafupi.

Mwana wa nyumba yoyandikana nafe atamwalira, mayi wake, amene tinkapalana naye moto, anaima pabwalo pathu.

"Munamulandira ndi manja anu," anatero motsitsa mawu. "Mwamuchotsanso ndi manja omwewo."

Amayi anatsuka m'manja n'kubwerera kwa odwala. Kusukulu anzanga anandisiyira benchi yonse, aphunzitsi akuyang'ana kumbali. Kenako wina anang'amba matayala a njinga, ndipo amayi anayamba kuyenda pansi, osayimbanso.

Amalume anabwera pa njinga yamoto kuchokera kumalire ku Cassacatiza kudzatitenga. Anati ntchito yopulumutsa anthu okuponya miyala ndi yofera. Amayi anakana kunyamuka wodwala womaliza asanaimirire. Anadikiradi, mpaka chimanga chitayamba kuuma. Atatero anapinda diresi lawo loyera, anakapereka kiyi wa pa posito, ndipo palibe anabwera kudzatsazika.

Kumalireko amayi anayamba kugulitsa tomato ndi nsomba zouma pamsika. Ine ndinasangalala. Kunali malole akuluakulu, wailesi zosokosa, ndi ana amene sankathawa ndikakhala nawo pafupi. Ndinkaganiza kuti tapulumuka tonse.

Koma nthawi zina pamsikapo pankabwera mayi atabereka mwana wodwala, mutu uli lende. Dzanja la amayi anga linkanyamuka lokha kulunjika pachipumi pa mwanayo, n'kuima m'malere, kenako ankalibisa m'chitenje. Ine ndinkayesa akuopa kutenga matenda.