Batani Limene Mwana Wanga Anandiikira

Nkhani iyi sindinaifotokozepo kwa munthu, ngakhale kwa mkazi wanga. Ku Mpanshya anthu amadziwa kuti ine ndinaulutsa maliro a mwana wa alongo anga pa foni, mayi wake asanamve. Ndawasiya akhulupirire choncho.

Ndinaphunzira kulemba ndili kale ndi imvi, pa sukulu ya akuluakulu imene inkakumana ana akaweruka. Nditadziwa, a mumphakati wathu wa tchalitchi anandisankha kukhala mlembi. Zilengezo za maukwati, za ubatizo, za tsiku lolima munda wa tchalitchi, zonse zinkadzera m'dzanja langa, ndipo ndinkanyada nazo.

Mwana wanga wachisamba amagwira ntchito ya makompyuta ku Lusaka. Atabwera pa Khrisimasi anandipeza ndikukopera chilengezo chimodzi pa mapepala ambirimbiri.

"Adadi, mukuzunzika chabe," anatero. "Ndikupangirani tsamba pa intaneti."

Anakhala pansi pa mtengo wa mango, laputopu pamiyendo, ndipo tiyi asanazizire n'komwe anandionetsa tsamba lokhala ndi dzina la mphakati wathu pamwamba. Ndinamufunsa kuti wamanga bwanji msanga chotero.

"Sindinayambire pansi ayi. Pali templeti imene ena anapanga kale, ine ndangokopera n'kuikamo zathu. Zili ngati chikombole cha njerwa. Ubwino wake ndi wakuti mukalemba pa foni n'kudina pamene palembedwa kuti sunga, chilengezo chimatuluka chokha. Chimapita pa tsamba ndi m'mafoni a anthu onse."

Apo ndinakana. Ndinamuuza kuti pali mawu ena amene amayamba agona asanatuluke panja. Ndinati aikepo chitseko, kuti ndikalemba zinthu zizikhala mpaka ine mwini nditalola.

Anaseka. "Inu adadi mumaopa foni ngati iluma."

Komabe anagwiragwira laputopu ija, ndipo pambuyo pake anandionetsa batani lachiwiri, lobiriwira, lolembedwa kuti tumiza. Ndikumuperekeza kukakwera basi ku Rufunsa ndinamufunsanso ngati chitseko chija chilidi cholimba. Anandigwira paphewa n'kunena kuti ndisade nkhawa.

Kuyambira pamenepo ndinkalemba, n'kudina sunga, nthawi yomweyo n'kudina tumiza. Anthu ankalandira. Ndinalibe chifukwa chokayikira.

Alongo anga aakulu anakwatiwa ku Shikabeta, ndipo tsopano ndi amasiye. Foni alibe. Mwana wawo wamwamuna ankakhala ndi ine, tinkalima chimanga limodzi. Itatha nyengo yokolola anadwala, tinamugoneka ku chipatala cha mishoni, ndipo tsiku lina m'mawa anatisiya.

Kwathu mayi sauzidwa imfa ya mwana wake ngati mmene amalengezera mtengo wa feteleza. Malume wa mwanayo amapita yekha. Akafika amakhala pansi, amaitanitsa amayi apafupi kuti akhale m'mbali mwa mayiyo, kenako amayamba ndi mawu akuti matenda akula. Mayi amamva yekha zotsalazo, koma amagwera m'manja mwa anthu. Ntchito imeneyi inali yanga. Ndipo ndinali ndi chifukwa china choti ndisalephere. Amayi athu atamwalira kalekale, ndinatuma munthu wina kwa alongo anga m'malo mopita ndekha, uthenga n'kufika maliro ataikidwa kale. Sitinazikambepo, koma zinakhala pakati pathu zaka zonsezi.

Ndikudikira wa njinga yamoto pakhonde la chipatala, ndinalemba chilengezo cha maliro kuti chikhale chokonzeka. Ndinadina sunga. Batani lobiriwira sindinalikhudze, ndinati ndidina ndikatuluka m'nyumba ya alongo anga. Foni ndinaizimitsa n'kuiika m'thumba la jekete.

Msewu wa ku Shikabeta ndi wautali, wamiyala. Njira yonse ndinkakonza mawu m'kamwa, mmene ndikayambire, amayi amene ndikaitanitse.

Kulira ndinakumva njinga isanaime.

Anandifotokozera pambuyo pake kuti alongo anga anali pa mjigo, ndowa ili pamutu. Mayi wina wochokera mumphakati wathu, amene anakwatiwa kumeneko, anaona chilengezo pa foni yake. Poganiza kuti mwini wake wamva kale, anathamanga n'kukawagwira dzanja. "Pepani amama, pepani ndi mwana wanu." Alongo anga anagwa pomwepo, pamatope a pa mjigo.

Nditalowa m'nyumba ndinawapeza atakhala pansi, chitenje chikadali chonyowa. Anasiya kulira n'kundiyang'ana.

"Wabwera?" anatero. "Nthawi ija unatuma munthu. Lero watuma foni."

Ndinatuluka, n'kukwera pachulu pamene anthu amapezera netiweki, ndipo ndinaimbira mwana wanga. Ndinamuuza kuti batani lobiriwira sindinalidine.

"Adadi, zoti chilengezo chizituluka chokha zinabwera ndi templeti. Kuzichotsa kunafuna kusintha zinthu zambiri, ine nthawi ndinalibe. Ndinati ndidzakonza ndikadzabweranso."

"Nanga batani lija?"

"Ndinangoliikapo kuti mtima wanu ukhale pansi."

"Ndiye miyezi yonseyi ndakhala ndikudina chiyani?"

"Palibe, adadi."

Chikhala kuti analakwitsa posadziwa, ndikanamvetsa, poti ntchito iliyonse ili ndi zophonya zake. Koma iye anamva pempho langa, naliyesa mantha a nkhalamba yophunzira mochedwa, n'kundipatsa choseweretsa ngati mmene timapatsira mwana chitsononkho kuti aleke kulira. Anandigwira paphewa pa siteshoni ya basi akudziwa. Ndipo ndikanalowa m'nyumba muja n'kunena zoona, dzina lake likanaipa pa maliro a msuweni wake, pamaso pa abale onse. Ndinatsika pachulu paja nditatseka pakamwa, ndipo ndi mmene ndakhalira mpaka lero. Tsambalo analikonza sabata yomweyo. Sanandipepese pamaso, ndipo ine sindinalembeponso kanthu.

M'mawa mwake, galimoto yobweretsa thupi isanafike, ndinasamba kumaso n'kuvala jekete. Ndinapita kukaitana amayi awiri oyandikana ndi alongo anga, ndinawapempha kuti akhale nawo, wina uku wina uku. Anthu anandiyang'ana modabwa, poti mudzi wonse unali utagona pamaliropo. Ndinagwada pakhomo, ndinaomba m'manja, ndipo ndinati, "Alongo, ndachokera ku Mpanshya. Matenda a mwana wathu akula."