Chitenje M'chiuno mwa Apongozi Anga

Ntchito yanga yoyamba inali yotemera nkhuku, ndipo sindinachite kuifunafuna. Mlangizi wa ziweto anabwera ku gulu lathu la amayi kudzafunsa munthu wodziwa kulemba komanso wosaopa kujomphedwa. Anzanga onse analoza ine. Atandiphunzitsa masiku atatu ku Boma, anandipatsa fulasiki, kope ndi kabotolo ka katemera wa chitopa.

Ntchitoyo payokha si yovuta. Umapanira nkhuku m'khwapa, kuipendeketsa mutu, kudonthezera dontho limodzi m'diso, n'kudikira iphethire usanaisiye. Chovuta ndi nthawi. Katemera amafa akatenthedwa, n'chifukwa chake amayenda mu fulasiki ya ayisi. Eni nkhuku nawonso umawauziratu kuti asatsekule makola mpaka ufike. "Mukachedwa azitsekulira," anatero mlangizi, "ndipo nkhuku yakumudzi ikatuluka, muiwale."

Midzi yapafupi ndinkayenda wapansi. Koma mwezi wina wotentha anandituma kumudzi wa kuseri kwa mapiri, kwa Kanduku, chifukwa kunamveka kuti chitopa chayandikira. Wapansi ndikanafika masana. Njinga yamoto yomwe inalipo inali imodzi yokha, ya apongozi anga, bambo a amuna anga, yomwe ankanyamulira manachesi.

Ine njinga yamoto ndinali ndisanakwerepo. Komanso chikwatiwire, bambowa ndinkalankhula nawo nditagwada chapatali, maso pansi. Ndiye lero nditang'adze kumbuyo kwawo, n'kuwagwira m'chiuno? Ndinakhala chammbali ngati pa kabaza wa njinga yakapalasa, fulasiki pamiyendo, dzanja lina litagwira kachitsulo ka kumbuyo.

"Amake Tadala, mwakhala bwino choncho?" anafunsa osacheuka.

"Ndili bwinobwino, bambo," ndinanama.

Injini itangolira, tinanyamuka. Mphepo inkandilanda mpango, ndipo pokhota paliponse njinga ikapendekera kumanja ine ndinkapendekera kumanzere, poganiza kuti ndikuthandiza. Bambo anaona kuti zinthu sizili bwino kumbuyoko, nayamba kuyenda pang'onopang'ono. Mnyamata wa makala anatipitirira pa njinga yopalasa. Dzuwa nalo linali kukwera.

Pachitunda cha miyala anasintha giya, njinga inadumpha, ine n'kutsetsereka ngati thumba losamanga. Ndinakhalira matako m'fumbi, nditakumbatira fulasiki. Kabotolo sikanasweke, koma chivundikiro chinatseguka ndipo theka la ayisi linathera m'dothi.

Bambo anaimitsa njinga, nandiyang'ana kanthawi. "Mayi, manyazi anapha lambe," anatero mofatsa. "Muli ndi chitenje china?" Ndinawapatsa cha m'chikwama. Anachimanga m'chiuno mwawo ngati lamba, nsonga ziwiri n'kuzisiya kumbuyo. "Khalani ngati mwamuna. Mugwire chitenjechi, simunagwire ine. Njinga ikapendeka, pendekani nayo."

Ndinatero, fulasiki ili pakati pathu. Kunena zoona, kuchokera pamenepo ulendo unakoma. Mapiri ankangobwera n'kudutsa, ndipo ndinagwidwa ndi chiseko chomwe ndinachibisira m'mpango.

Tinafika dzuwa litatentha kale. Ambiri anali atapirira osatsekula makola, ndipo ndinatemera khola ndi khola mpaka zala zinachita dzanzi. Koma mayi wina wamasiye, Nasibeko, anali atatsekulira zake. "Zimalira ndi ludzu, mwana wanga," anatero, "ndimati simubweranso." Tinathamangitsana nazo m'munda wa nandolo n'kugwirapo ziwiri zokha. Kudikira kuti zilowe madzulo sikukanatheka, ayisi anali atasanduka madzi ofunda. Ndinalonjeza kubweranso sabata yotsatira ndi kabotolo kena.

Chitopa chinafika ine ndisanafike. Nditabwerera, nkhuku za anthu ena zinali kupalasa pabwalo, koma kwa Nasibeko ndinapeza ziwiri zokha. Zina zonse anali atakwirira kudzala, ndipo ndi zomwe ankagulitsa akafuna sopo kapena mankhwala. Sanandikalipire. Anandiyalira mphasa n'kundithokoza chifukwa cha ziwirizo, ndipo zimenezi zinandiwawa kuposa kutukwanidwa.

Mpaka lero apongozi anga ndimawagwadira, ulemu sindinautaye. Koma ndikanyamula katundu wa anthu omwe akundidikira, ndimafunsiratu kakhalidwe koyenera injini isanalire, kaya woyendetsayo ndi ndani. Ola limene ndinataya pochita manyazi tsiku lija silinali langa, linali la Nasibeko.